Masiku 90 oyamba a munthu wosiya mutoriro, bronco kapena musombodhiya kuno ku Harare

Makolo akabwera kudzafunsa za mwana amene walowerera m'mankhwala osokoneza bongo, funso lawo loyamba limakhala lakuti, "Rehab yabwino ili kuti, nanga amalipiritsa zingati?" Ine ndimayamba ndawabweza kaye m'mbuyo. Mwanayo akumwa kapena kusuta chiyani kwenikweni? Kangati patsiku? Walawa komaliza liti? Ambiri sadziwa, amangoti "zinthu zija za ku base", kutanthauza malo ogulirako ndi kusutirako mankhwalawa. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikuyenda ndi mabanja a kwathu ochokera ku Malawi okhala ku Mbare, Mufakose, Highfield, Mabvuku ndi Epworth, ndaona kuti mayankho a mafunso atatuwa ndi amene amanena ngati munthu angasiyire kunyumba, kapena ngati kusiyira kunyumbako kungamuphe.

Kufunsako kuli ndi nthawi yake. Musamufunse ali chiledzerere, kapena atangolowa usiku maso ali psuu. Dikirani kuche, adye kaye, ndipo pakhale anthu awiri kapena atatu, osati bwalo la mbumba yonse. Ndaona anyamata ambiri akumasuka kwa amalume awo kusiyana ndi kwa bambo owabereka, chifukwa ndi bambo nkhani imafulumira kusanduka mlandu wa foni kapena gasi amene anasowa m'nyumba. Amalume anene mwachindunji: "Mphwanga, sindinabwere kudzakuzenga mlandu. Ndiuze zonse zimene ukumwa ndi kusuta, kuti tidziwe kokutengera." Ngati Chichewa chimamuvuta, monga alili ana ambiri obadwira kuno, lankhulani Chishona. Lembani papepala mayinawo monga akuwatchulira mwini wake: dombo, guka, ngoma, mangemba, tumbwa, mbanje. Pepalalo mudzapita nalo kuchipatala. Kawirikawiri sichikhala chinthu chimodzi. Wosuta mutoriro (crystal meth) amamwa mangemba (mapiritsi a diazepam) kapena bronco (mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine) kuti apeze tulo, ndipo chachiwiricho ndi chimene chimabisika, chonsecho n'chimene chingabweretse ngozi posiya.

Ndiyambe ndi zimene zimapha. Munthu womwa mowa waukali tsiku lililonse, kaya musombodhiya, tumbwa kapena kachasu, amene m'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawako, asasiye mwadzidzidzi ali kunyumba. Ubongo wake unazolowera kuponderezedwa ndi mowa, ndiye mowawo ukachoka kamodzin'kamodzi, ubongo umathamanga ngati kombi yoduka mabuleki. Pakatha maola 6 mpaka 24 amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusanza, mtima kugunda kwambiri. Mkati mwa masiku awiri oyamba akhoza kugwa ngati wakhunyu. Tsiku lachitatu kapena lachinayi ena mutu umasokonekera, thupi limatentha, amaona tizilombo tikuyenda pakhoma, osazindikira ndi amayi awo omwe. Apa popanda chithandizo munthu amafa. Kuchipatala amamupatsa diazepam pa mlingo umene amautsitsa tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Choncho nzeru ija yakuti "timutsekere m'chipinda masiku atatu mowa umuchoke" ndi yoopsa zedi kwa munthu wotere. Musombodhiya ulinso ndi vuto lakelake, pakuti palibe amene amadziwa zimene anasakanizamo. Wina akamwa n'kuyamba kuona mbuu, m'mimba kupota, kupuma mofulumira, thamangani naye usiku womwewo. Zimenezo n'zizindikiro za methanol, amene amachititsa khungu ndiponso amapha.

Mangemba ndi diazepam yemweyo wa kuchipatala, kungoti wogulidwa mumsewu. Womwa mapiritsiwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi nayenso asadule kamodzi. Kuipa kwake n'kwakuti mankhwalawa amachedwa kuchoka m'thupi, ndiye masiku oyamba munthu amaoneka ali bwinobwino, banja n'kumasangalala, kenako patatha masiku angapo kapena sabata ndi pamene amagwa n'kuyamba kuphupha. Dokotala amatsitsa mlingo pang'onopang'ono kwa masabata, mwina miyezi. Kuti achite zimenezi ayenera kumva nambala yeniyeni ya mapiritsi amene munthu amamwa patsiku. Mnyamata akachita manyazi n'kunena awiri pamene amamwa khumi, mlingo umene apatsidwe udzakhala wochepa ndipo adzavutika. Muuzeni zimenezi musanalowe m'chipinda cha dokotala.

Bronco ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, mbale wake wa morphine. Kusiya bronco kumawawa koopsa, koma kwa munthu wopanda matenda ena sikupha. Zimayamba pakatha maola 8 mpaka 24: kuyasamula kosalekeza, mamina, misozi, tsembwe, thukuta lozizira. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndiye pachimake: kutsekula m'mimba, kusanza, mafupa kuphwanya, miyendo yosakhazikika usiku wonse. Pofika tsiku la 7 mpaka 10 thupi limakhala litapepuka, ngakhale tulo timachedwa kubwerera. Chimene chingamufooketse ndi kutha madzi m'thupi. Konzani madzi a shuga ndi mchere monga amaphunzitsira ku kiliniki za kuno: botolo la 750 ml la madzi owiritsa, masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Azimwa pang'onopang'ono tsiku lonse, ngakhale akusanza. Za kuphwanya m'thupi, paracetamol wa 500 mg, mapiritsi awiri, osapitirira kanayi patsiku. Ngati amamwanso mowa kwambiri, funsani namwino kaye chifukwa cha chiwindi. Samalani pogula mankhwala a ululu ku famase, pakuti ena mwa iwo ali ndi codeine yemweyo, ndipo mungamubwezere nokha kumene akuchokera. Kusamba madzi otentha madzulo ndi kumusisita miyendo kumathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Mtsikana woyembekezera yekha asasiye bronco payekha, chifukwa mimba ikhoza kuchoka. Apite ku sikelo akanene zoona.

Za mbanje, chamba chathu chija, sinditalikitsa. Wosuta kwambiri akasiya amakwiya msanga, chakudya sichimukomera, amalota maloto oopsa, ndipo zimenezi zimatha pakapita masabata awiri kapena atatu.

Mutoriro ndiwo wadzaza m'makomo mwathu, ndipo ndi umene mabanja amaumvetsa molakwika. Ndi crystal meth, timiyala toyera timene amatitenthetsa m'kachubu ka galasi, kawirikawiri kodulidwa ku babu la magetsi, n'kumakoka utsi wake. Muubongo muli mankhwala achilengedwe otchedwa dopamine, amene amachititsa munthu kumva kukoma akadya nsima ya ndiwo zabwino, akagoletsa chigoli, akamuyamikira. Mutoriro umatsegula mpopi wa dopamine mpaka kumapeto kwa maola ambiri, n'chifukwa chake wosuta amatha masiku atatu osagona, osadya, akungolongolola kapena kumasula wailesi imene sinawonongeke. Akasiya, mpopi uja umakhala utauma.

Masiku awiri kapena atatu oyamba amangogona, mwina maola 15 kapena kuposa, akadzuka amadya ngati sanaonepo chakudya, n'kugonanso. Musamudzutse kuti akasese pabwalo. Si ulesi, thupi likubweza ngongole ya tulo. Muikireni madzi pafupi, phala, nsima, mazira, nthochi, chilichonse chimene chilipo, ndipo muzimusuzumira kuona kuti akupuma bwino. Kuyambira tsiku lachinayi mpaka cha m'ma 10 tulo tija timathawa. Amakhala wokwiya, wosakhazikika, mtima uli zii, ndipo chibaba chimafika pachimake. Ambiri amene amathawa pakhomo amathawa sabata imeneyi. Pakatha masabata atatu kapena anayi thupi limaoneka labwerera, masaya adzaza, khungu lasalala, ndipo apa ndi pamene banja limanyengeka n'kunena kuti wachira. Mkati mwake sanachire. Kwa miyezi ingapo palibe chimene chimamukomera: mpira sukoma, nyimbo sizikoma, ngakhale kucheza ndi chibwenzi. Amaiwalaiwala, ukamutuma zinthu zitatu amabwera ndi chimodzi. Muuzeni zimenezi zisanachitike: "Mwanangu, mwezi wachiwiri udzaona ngati moyo ulibe mchere. Ndi ubongo ukudzikonza, ndipo zidzasintha." Munthu amene anachenjezedwa amapirira kusiyana ndi amene akuganiza kuti adzakhala choncho mpaka kalekale. Mpaka pano kulibe piritsi lochotsa chibaba cha mutoriro. Wina akakuuzani kuti ali ndi jakisoni kapena diripi yotsuka magazi, akufuna ndalama zanu.

Kusiya mutoriro sikupha kudzera m'thupi monga mowa, koma kumapha kudzera m'maganizo. M'masabata oyambawa ndi pamene ena amadzipha. Chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, mankhwala opopera ndiwo zamasamba, zingwe, ndi mapiritsi a agogo a BP ndi a shuga. Akhale kwa aneba kapena m'bokosi lokiya. Ndipo mufunseni molunjika, "Kodi umaganizapo zodzipha?" Makolo ambiri amaopa kuti funsoli limupatsa maganizowo. Silitero. Limamupatsa mpata wotulutsa chimene wakhala akulimbana nacho yekha. Akavomera, makamaka akatchula njira imene waganiza, asakhale yekha ngakhale ola limodzi, ndipo tsiku lomwelo apite kuchipatala.

Pali ena amene mutoriro umawasokoneza mutu. Amati aneba aika makamera padenga, amamva mawu akuwatukwana, amadzikanda mpaka zilonda poganiza kuti pansi pa khungu pali tizilombo, amagona ndi mpeni. Musatsutsane naye, ndiponso musavomereze kuti makamerawo alipo. Nenani kuti, "Ndikuona kuti ukuchita mantha. Ine ndili pano." Alankhule munthu mmodzi, motsitsa mawu, wailesi itazimitsidwa, ana atatuluka. Musamuzungulire, ndipo musaime pakati pa iye ndi chitseko, pakuti munthu wamantha akaona kuti watsekerezedwa amamenya. Kwa ambiri zimenezi zimatha pakapita masiku kapena masabata ochepa atasiya kusuta ndi kuyamba kugona, koma kwa ena zimakhalitsa ndipo zimafuna mankhwala a nthawi yaitali. Koma mukaona thupi latentha kwambiri, akudandaula pachifuwa, mutu ukumuwawa modabwitsa, kapena mbali imodzi yafooka ndipo pakamwa papotoka, imeneyo si nkhani ya misala ayi. Ndi mtima kapena sitiroko, ndipo malo ake ndi ku casualty.

Njira ya chipatala cha boma imayambira ku kiliniki ya khonsolo ya m'dera lanu, monga polyclinic ya ku Mbare, Highfield kapena Mabvuku. Anamwino amamuona n'kulemba kalata yomutumiza ku chigawo cha matenda a maganizo ku Sally Mugabe Central Hospital, imene ambirife timaitchulabe kuti ku Gomo, kapena ku Annexe ya Parirenyatwa. Tengani pepala lija la mayina a mankhwala, makhadi akale a kuchipatala, buku la ma ARV ngati amamwa, ndipo apite naye munthu amene amakhala naye nyumba imodzi, wodziwa kuti wagona maola angati sabata ino. Kusowa chitupa kusakugwetseni ulesi; tengani pepala lililonse limene lili ndi dzina lake. Ngati akukana kupita pamene akuopseza moyo wake kapena wa ena, lamulo la Mental Health Act la 1996 limalola kuti agonekedwe ngakhale asakufuna, kudzera kwa madokotala ndi majisitireti, ndipo apolisi angathandize kumunyamula. Pokaitana apolisiwo nenani momveka kuti muli ndi wodwala wofunika kupita kuchipatala.

Dziwani chimene chipatala chimachita ndi chimene sichichita. Chimamukhazika mtima pansi, chimamugoneka tulo, chimathetsa zilubwelubwe, chimamudutsitsa masiku oopsa. Sichichotsa chibaba, ndipo sichisintha msewu umene akubwererako. Potuluka mumapatsidwa mankhwala ndi tsiku la review, lobwerera kukaonedwanso, ndipo apa pamagwa anthu ambiri. Mankhwala monga haloperidol ndi chlorpromazine nthawi zina amaumitsa thupi: munthu amayenda ngati chidole, dovu likutuluka, manja akunjenjemera, mwina khosi kupotokera kumbali ndi maso kuyang'ana kumwamba. Banja likaona zimenezi limachita mantha n'kutaya mapiritsi, ena mpaka kunena kuti walodzedwa. Musataye. Bwererani naye msanga, osadikira tsiku la review. Pali mankhwala othetsa kuuma kumeneku, ndipo dokotala akhoza kutsitsa mlingo kapena kusintha mtundu. Mapiritsi onse azisungidwa ndi munthu wamkulu mmodzi amene azimupatsa m'manja n'kuona kuti wameza, chifukwa ena mwa mapiritsi amenewa ali ndi msika mumsewu.

Malo a rehab olipira achuluka mu Harare, abwino ndi oipa omwe, ndipo chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Musanapereke dola ngakhale imodzi, pitani mukaone ndi maso. Pemphani kuona satifiketi yosonyeza kuti malowo analembetsedwa ku Health Professions Authority. Funsani dzina la dokotala amene amaona odwala ndi masiku amene amabwera, ndiponso ngati usiku pamagona namwino. Funsani chimene amachita munthu akagwa khunyu 2 koloko usiku. Funsani ndandanda ya tsiku, ola ndi ola: ngati yankho lake ndi kupemphera ndi kulima basi, palibe uphungu pamenepo. Funsani ngati womwa ma ARV kapena mankhwala a TB amapitiriza, ngati banja limaitanidwa kudzaphunzira nawo, ndi chimene amachita naye akatuluka. Malo amene amakaniza abale kuona kogona, kapena amene amamenya ndi kumanga anthu, achokereni. Kumanga ndi tcheni, kaya kunyumba, kaya kwa aneneri, kaya kwa asing'anga, sindinaonepo kutachiritsa munthu. Kumasiya mabala m'miyendo ndi chidani mumtima, ndipo tsiku lomasulidwa amalunjika ku base. Pemphero ndi lofunika, ndipo ndaona abusa a CCAP, ansembe ndi mashehe akugwira ntchito yaikulu yolimbitsa mabanja; koma liyende pamodzi ndi chipatala, ndipo wosiya mowa kapena mangemba asamusalitse kudya.

Nzeru ina imene ife a ku Malawi timaithamangira ndi yomukweza basi ya pa Nyamapanda, adutse Tete, akakhale kumudzi ndi agogo. Nthawi zina zimathandiza, popeza amatalikirana ndi jazzman wake, womugulitsa mankhwala uja. Koma ganizani kaye. Mwana wobadwira ku Mufakose, wosadziwa khasu, wolankhula Chichewa chothyokathyoka, mukumutula kwa nkhalamba imene singamuletse kanthu, kumudzi kumene kachasu ndi chamba zili paliponse. Ngati mwatsimikiza, apite atadutsa kale mwezi woyamba, ndi kalata ya dokotala ndi mankhwala okwanira, kwa munthu wamphamvu amene wauzidwa zoona zonse ndipo wavomera. Kumeneko thandizo liliko ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Ntchito yeniyeni imayamba tsiku lobwerera kunyumba, ndipo akatswiri a za kusiya mankhwala amagwirizana kuti chithandizo chosakwana masiku 90 sichikhalitsa. Asanafike, sesani chipinda chake: machubu, mababu othyoka, malaitala, mabotolo a bronco, yang'anani m'matumba a majekete, m'nsapato, pamwamba pa wadiropu, m'sipika. Kungoona kachubu kamodzi kumadzutsa chibaba. Layini ya foni isinthidwe ndipo WhatsApp yakale ifufutidwe, chifukwa ogulitsa amadziwa tsiku limene kasitomala watuluka, ndipo koyamba amapereka ulere. Ngati ali ndi ngongole ku base, akaibweze munthu wamkulu, masana, kamodzi, n'kunena kuti zathera pomwepo. Mwini wake asapiteko.

Ndalama ndiye nkhani yovuta. Kwa miyezi itatu asagwire ndalama m'manja kapena pa EcoCash kupitirira ya kombi ya tsiku limenelo. Akafuna nsapato, pitani naye mukagule. Achibale a ku Joni ndi ku UK auzidwe kuti asamutumizire mwachindunji, ngakhale alire bwanji pafoni. Zimenezi muzigwirizane naye poyera, iye ali pomwepo, ndipo mutchule tsiku limene mudzayambe kumasula, kuti asaone ngati chilango chosatha. Amayi ndi agogo ndi amene amagonja msanga, amapereka dola mobisa chifukwa cha chisoni. Dola imodziyo ndi yokwanira kugwetsa ntchito ya mwezi wathunthu.

Tsiku likhale lodzaza, lolembedwa papepala. Kudzuka nthawi imodzimodzi, kudya katatu, ntchito ya manja m'mawa, kuyenda kapena kuthamanga mphindi 30 masana, kulowa m'nyumba dzuwa likamalowa, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu osamwa madzulo. Ola loopsa kwa ambiri ndi kuyambira cha m'ma 4 madzulo, pamene anzake amasonkhana pakona, ndiponso Lachisanu ndi tsiku lililonse limene walandira ndalama. Maola amenewo akhale ndi munthu. Ntchito ndi mankhwala, koma isankhidwe bwino. Uhwindi pa renki (kuitanira anthu m'makombi), kugulitsa usiku, kapena ntchito ya mashifiti a usiku zimamubwezera pakati pa utsi womwewo, popeza ambiri anayamba mutoriro pofuna kuti asagone pantchito. Kuli bwino kumupeza mmisiri wodziwika, kaya wa mipando ku Glen View Area 8, kaya wowotcherera ku Siyaso, kaya makanika ku Gazaland, amene wauzidwa za vutoli ndipo malipiro azipereka kwa amalume. Kumalo amenewanso ogulitsa aliko, ndiye chofunika ndi mmisiriyo, osati dzina la malo. Amene alibe chitupa, kapena ali ndi chakale chija cholembedwa kuti mlendo, ino ndi nthawi yokonza: malamulo a dziko a 2013 amati wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, kholo lake lili la dziko la mu SADC monga Malawi, ndipo ankakhala konkuno pa nthawi imene ankatulukayo, ndi nzika. Kuyendera mapepala ku Makombe, ku ofesi ya zitupa, kumadya masiku, ndipo mnyamata akagwira chitupa chake m'manja amayamba kulankhula za kosi ndi laisensi.

Chibaba chimabwera ngati mvula ya mkuntho: chimakwera, chimafika pachimake, ndipo pakatha mphindi 20 kapena 30 chimatsika chokha ngati munthu sanachidyetse. Aphunzire kuchitchula pakamwa, "Amayi, chandigwira," ndipo pakhomo pakhale pangano lakuti akanena choncho palibe womukalipira. Achoke pamalo pamene chamupezera, amwe madzi, adye kanthu, asambe, atunge madzi, ayende ndi munthu mpaka chidutse. Madzulo alembe m'kabuku: chinabwera nthawi yanji, anali kuti, anali ndi ndani, anali ndi njala, mkwiyo kapena kutopa. Pakatha masabata awiri kabukuko kamaonetsa poyera zimene zimamuputa, ndipo mumadziwa chokonza. Mowa asauyese n'komwe, ngakhale vuto lake linali mutoriro wokha. Mabotolo awiri pamaliro kapena paukwati ndi amene agwetsa anyamata ambiri amene ndawadziwa, chifukwa mowa ukalowa, malonjezo onse amasungunuka.

Njira imene yaonetsa mphamvu kwambiri pa mankhwala a mtundu wa mutoriro ndi yosavuta kumva: kuyeza mkodzo kawirikawiri, ndi kupereka kamphatso nthawi yomweyo zotsatira zikakhala zoyera. Banja lingachite zofanana ndi zimenezi. Tizipangizo toyezera mkodzo timagulitsidwa m'mafamase ena. Mutoriro ndi codeine zimaoneka mumkodzo kwa masiku awiri mpaka anayi, choncho kuyeza kawiri pasabata kumagwira pafupifupi chilichonse. Mbanje imatha kuonekabe mpaka mwezi kwa amene ankasuta kwambiri, ndiye musamunene bodza msanga. Mphatsoyo isakhale ndalama: bandulo ya intaneti, kumeta, jezi, chida chimodzi cha ntchito yake. Izikula masabata oyera akamachulukana. Ena amati n'kulipira munthu kuti achite zimene ayenera kuchita kale. Ine ndimati ubongo umene sukumva kukoma kulikonse umafunika kanthu kooneka ndi maso sabata ino, osati lonjezo la chaka chamawa.

Asalephere kuyezetsa HIV, matenda opatsirana pogonana ndi TB. Mutoriro umakweza chilakolako n'kuchotsa manyazi, ndipo atsikana ambiri amalipira ku base ndi thupi lawo. Amene anadukiza ma ARV abwerere ku kiliniki yake akanene masiku amene anadumpha, anamwino amamuyambitsanso. Mano nawonso aonedwe, popeza mutoriro umaumitsa malovu ndipo bronco ndi shuga yekhayekha; dzino lowawa usiku labwezera anthu ku botolo.

Payekha munthu sapita patali. Magulu a Alcoholics Anonymous amakumana mu Harare, ndipo kukhala pakati pa anthu amene anadutsamo kumachita zimene banja silingathe. M'makiliniki ambiri a khonsolo mulinso Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anayambitsira ku Mbare, kumene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi n'kumamvetsera munthu amene ali ndi kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso. Si rehab, koma ndimatumizako anthu awiri: wochirayo, ndi amayi ake. Mayi amene wakhala zaka akugona ndi chikwama kumutu, akubisa nkhaniyi ku chigwirizano cha amayi ndi ku bungwe la maliro, amakhala atatheratu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Uzani anthu awiri kapena atatu okhulupirika, mugawane masiku, kuti wosamalira apeze tsiku limodzi pasabata lopuma.

Kubwereranso kumachitika, ndipo kafukufuku wa ku America amaika chiwerengero cha obwerera pakati pa 40 ndi 60 pa anthu 100 alionse, mofanana ndi matenda ena okhalitsa monga BP. Konzekeranitu. Kwa wa bronco, tsiku lobwerera ndi loopsa kuposa masiku onse, chifukwa thupi linaiwala mlingo wakale. Mabotolo amene ankamaliza osagwa tsopano akhoza kumuimitsa kupuma, makamaka akaphatikiza ndi mowa kapena mangemba. Mukamupeza sakudzuka, akuliza mkonono wachilendo, akupuma motalikitsa, milomo yachita mbuu, timaso takuda tachepa ngati nsonga ya singano, musamuthire madzi, musamumwetse mkaka, ndipo musamusiye kuti agone zimuthere. Mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, pezani galimoto, ndipo mukafika nenani liwu lakuti codeine, pakuti pali jakisoni wotchedwa naloxone amene amabweza mpweya.

Akabwera yekha m'mawa, wamanyazi, atasuta usiku umodzi, mawu oyamba asakhale "tinadziwa". Mupatseni madzi ndi chakudya, agone. Akadzuka khalani naye pansi ndi kabuku kaja, muyende m'mbuyo ola ndi ola: ndalama anazipeza kuti, anakumana ndi ndani, chinachitika n'chiyani dzulo lake. Tsekani mpata umenewo, bwezerani malamulo a ndalama ndi foni monga analili sabata yoyamba, ndipo pasanathe masiku awiri akaonane ndi namwino kapena mlangizi wake, osadikira review. Kuseri kwa chitseko cha chipinda chachikulu mukhale pepala lolembedwa kale: mankhwala amene akumwa ndi mlingo wake, tsiku la review, nambala ya amalume, nambala ya mnansi amene ali ndi galimoto ndipo anavomera kudzutsidwa usiku, ndi ndalama ya mafuta yosungidwa padera imene wina aliyense saikhudza.